Ndasamukira ku Linux, tsono zithunzi za ukwati ndizikonzera pa chiyani?

Mjambuli_Mufakose

Moni nonse akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Laputopu yanga ndi ya Core i5 ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, RAM 8 GB, ndipo Windows 11 ikuikana. Popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndaikamo Linux Mint 22. Zina zonse zikuyenda bwinobwino, koma Lightroom, pulogalamu imene ndinkakonzera zithunzi, ndiye mulibe.

Ntchito yanga ndi maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo. Ku ukwati umodzi ndimabwerako ndi zithunzi pafupifupi 1,200, zina za CR2 za pa Canon 6D, zina za CR3 za pa EOS RP, zonse za RAW, ndiye kuti mafayilo osaphika a kamera. Ndayesa pulogalamu ina yokonzera zithunzi, darktable ya mu Software Manager, koma chithunzi chimene pakamera chinali chokongola, ndikangochitsegula chikutuwa, nkhope zili bii, diresi la mkwatibwi lokha ndiye likuwala. Ndalakwitsa pati? Nanga ntchito yakale ya mu Lightroom ndiyitani? Komanso, ili ndi vuto lakale, ndikakatsukitsa zithunzi m'tauni zimabwera zakuda kuposa mmene zimaonekera pa sikirini.

aNgozo_Highfield

Achimwene, simunalakwitse kanthu. Chimene mumaona kumbuyo kwa kamera si RAW ayi, ndi JPEG yaing'ono imene kamera imaphika yokha n'kuibisa m'kati mwa fayilo ya CR2 ija. darktable imayamba yakuonetsani JPEG yomweyo pa lighttable, posankhira zithunzi, koma mukalowa mu darkroom, mokonzera chithunzi, imaitaya n'kukupatsani ufa wosaphika. Nsima ndiye muphike nokha.

Magawo ali m'menemo ndi ochuluka zedi, ndipo ambiri amathawira pomwepo. Inu gwirani ochepa awa, motsatana chonchi.

Yambani ndi exposure, ndipo muyang'ane nkhope, osati diresi. Apa ndi pamene anthu ochokera ku Lightroom amaphonya, chifukwa anazolowera kuopa kuti zoyera zipsa. Mu darktable kuwala kopitirira sikutayika pa gawo limeneli, kumadikira kutsogolo. Kwezani mpaka khungu la mkwati lioneke mmene limaonekera ndi maso. Ngati pojambula munatsitsa dala kuti muteteze diresi, musadabwe kukweza ndi 1 EV kapena 1.5 EV (EV ndi muyezo wa kuwala, 1 EV ndi kuwirikiza kawiri). Diresi lisanduka pepala, lisiyeni kaye.

Kenako mtundu wa kuwala. Gawo la white balance musalikhudze, konzani pa color calibration. Mukasintha pawiri ponsepo pamatuluka chenjezo loti white balance yaikidwa kawiri, ndipo khungu limayamba kupendekera kobiriwira kapena kofiirira mosadziwika bwino. Tengani kachida kotolera mtundu ka pa gawolo, mukokere pa chinthu chimene mukudziwa kuti n'choyera koma chosapsa, monga kolala ya malaya kapena bulauzi ya amayi a Mvano ali pamthunzi.

Tsopano bwezani diresi lija. Ntchito imeneyi ndi ya filmic rgb kapena sigmoid, chimodzi chokha, osayatsa zonse. Kwa ongoyamba ine ndimati sigmoid, imene inabwera ndi darktable 4.2, chifukwa zokoka zake n'zochepa ndipo khungu imalisiya lili ndi moyo. Pitani ku preferences, processing, pa auto-apply pixel workflow defaults musankhe ya sigmoid kuti iziyaka yokha. Ngati mikanda ndi lesi za diresi sizinaonekebe, tsegulani tone equalizer mutsitse mbali ya 0 EV ndi ya -1 EV pang'onopang'ono. Njira yachangu ndi kuika mauzi pa diresi penipeni n'kupukusa kagudumu kake. Mukatsitsa kwambiri diresi limada ngati lachapidwa ndi madzi a pachitsime, ndiye dzigwireni.

Musanavutike ndi diresi, dinani shift+o. Malo amene adzaze timizere ta mitundu ndi amene sensa ya kamera inadzaziratu, mulibe chobweza. Gawo la highlight reconstruction limangopaka mtundu wongoyerekeza kuchokera m'mbali.

Kutuwa kuja kumatha ndi color balance rgb. Pa ma preset ake sankhani imene ili ndi mawu akuti basic colorfulness, ya standard. Malizani ndi lens correction, ndipo za m'holo za ISO 3200 muziyatsira denoise (profiled), imene imadziwa kale timadontho ta kamera yanu pa ISO iliyonse.

Zithunzi 1,200 simungazichite chimodzichimodzi. Sankhani kaye pa lighttable: manambala 1 mpaka 5 ndi nyenyezi, r ndi kukana, x ndi kuika ziwiri pambalipambali kuti muone amene watsinzina. Mukatero konzani chimodzi cha m'tchalitchi, dinani ctrl+shift+c, muchotse chizindikiro pa crop ndi retouch, musankhe zinzake zonse za kuwala kofanana, ctrl+v. Chimodzimodzi za panja ndi za kumadyerero. Mukaiwala kuchotsa crop mudzapeza anthu makumi asanu adulidwa mitu pamalo amodzimodzi.

Za Lightroom, musayembekezere zambiri. Zonse munachita zili mu katalogi ya .lrcat, imene darktable siitsegula. Pafunika kompyuta ya Windows kamodzi kokha: tsegulani katalogiyo, sankhani zithunzi zonse, dinani Ctrl+S kuti ilembe mafayilo a XMP, osunga zosintha zanu, pambali pa RAW iliyonse. Lightroom Classic imalolabe Library ndi export ngakhale mutasiya kulipira, zimene imatseka ndi Develop ndi Map. darktable idzawerenga nyenyezi, mitundu ya zizindikiro ndi mawu ofufuzira, ndiponso zochepa monga crop ndi exposure, koma maonekedwe sadzafanana. Choncho maukwati amene munamaliza kale atulutseni ngati JPEG zazikulu muwasunge choncho. XMP za mapulogalamu awiriwa sizimenyana: ya Lightroom imatchedwa IMG_0001.xmp, ya darktable IMG_0001.CR2.xmp.

NaPhiri_Mabvuku

ANgozo afotokoza bwino, koma pa kusankha pulogalamu ndisiyana nawo pang'ono. Munthu ali ndi ukwati Loweruka lino, wina Loweruka la mawa, ndipo eni ake ayamba kale kuimba foni. Nthawi yophunzira tone equalizer aipeza kuti? Bambo, yesaninso RawTherapee. Ili ndi chinthu chotchedwa Auto-Matched Tone Curve, chimene chimayang'ana JPEG yobisika ija n'kupinda kuwala kwa RAW kuti kufanane nayo. Mukangotsegula, chithunzi chili kale pafupi ndi chimene munaona pakamera. Siifuna kulowetsa zithunzi mu katalogi, mumangoiloza foda. Zosintha zanu imalemba mu kafayilo ka .pp3 pambali, RAW osaikhudza, ndipo zomalizidwa mumaziponya mu Queue zizituluka inu mukudya.

Pofooka pake ndi pokonza mbali imodzi yokha ya chithunzi. Zida zake za ntchito imeneyo zinabwera mochedwa, ndi 5.9 mu 2022, ndipo n'zosokoneza poyerekeza ndi ma mask a darktable, zida zodulira malire a mbali yokonza. Kusaka chithunzi cha zaka zitatu zapitazo sikuthandizaninso. Amene amatenga njira imeneyi amaiphatikiza ndi digiKam, imene ntchito yake ndi kusunga, kuika mayina ndi kuzindikira nkhope. Chimene sindingakulangizeni ndi kuphunzira ziwiri nthawi imodzi. Tengani zithunzi khumi zomwezo, muzikonze uku ndi uku madzulo amodzi, imene manja anu agwirizana nayo mukhale nayo.

GIMP si yokonzera ukwati wonse, ndipo RAW siitsegula payokha, imaitana darktable kapena RawTherapee. Ntchito yake ndi zithunzi makumi awiri kapena atatu zopita mu fulemu ndi pachikuto cha alubamu. Zitulutseni ngati TIFF ya 16-bit, chifukwa JPEG ya 8-bit mukaikoka kwambiri, khungu lakuda limagawika mizeremizere pamasaya ndi pachipumi. Koma dziwani kulemera kwake: ya 6D ndi pafupifupi 120 MB chimodzi, ya RP kupitirira 150 MB.

Pokonza khungu pitani ku Filters, Enhance, Wavelet-decompose, musiye pa 5. Chithunzi chimagawika m'magawo asanu ndi lina lotsalira la mitundu. Gawo 1 ndi 2 ndi timabowo ta khungu ndi tsitsi, amenewo musawakhudze. Ziphuphu ndi mabala zimakhala cha pa 3 ndi 4, pamenepo fafanizani ndi kuwala kwa imvi kwapakati kapena Heal. Kusiyana kwa mtundu, monga pamene ufa wa kumaso wathera pakhosi, kuli pa gawo lotsalira lija. Amene amapaka blur nkhope yonse ndi amene amatulutsa akwatibwi ooneka ngati zidole za m'mawindo a sitolo za zovala. Ndipo chonde, kuwalitsa nkhope si kuyeretsa munthu. Apongozi akalephera kuzindikira mwana wawo mu alubamu, ntchito yalakwika. Ngati mungapeze GIMP 3.0, imene inatuluka mu Malichi 2025, ndi yabwinoko chifukwa mafyuluta ambiri mumatha kuwabwerera n'kusintha pambuyo pake.

Tsono zakuda kotsukitsa. Kawirikawiri wolakwa si makina awo, ndi sikirini yanu. Sikirini ndi nyale, pepala si nyale. Mukakonza usiku magetsi atathima, laputopu ili pa kuwala kwake konse m'chipinda cha mdima, maso amakunamizani kuti chithunzi chawala mokwanira. Pokonzera zosindikiza kuwala kwa sikirini kumafunika kukhala pakati pa 100 ndi 120 cd/m², ndipo pa malaputopu ambiri kumeneko ndi cha pakatikati, osati kumapeto. Mu darktable dinani ctrl+b: chithunzi chimazunguliridwa ndi mpanda woyera ngati pepala, ndipo mdima wake umaonekera pompo. Chida choyezera sikirini chogwira ndi pulogalamu ya DisplayCAL n'chabwino mukachipeza, ngakhale chobwereka, koma pali njira yotchipa. Tengani chithunzi chimodzi chokhala ndi nkhope ndi diresi, mutulutse makope atatu, china mmene chilili, china mutakweza 0.3 EV, china 0.6 EV. Katsukitseni pa 6x4, muwauze asasinthe kalikonse pa makina awo, chifukwa makina ambiri amadzikonzera okha kuwala. Chimene chabwera bwino ndicho muyezo wanu pa malo amenewo.

Potulutsa, pa profile ya mitundu, sankhani sRGB nthawi zonse. Adobe RGB pa makina osawerenga profile imatuluka yozilala, zofiira zimasanduka ngati njerwa. Kukula kwake pa 300 ppi: 6x4 ndi 1800 kwa 1200, 8x10 ndi 2400 kwa 3000, A4 ndi 2480 kwa 3508. Samalani ndi 8x10. Kamera yanu imajambula 3:2, ndiye kuti chithunzi chilowe mu 8x10 gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a m'litali limadulidwa. Dulani nokha kunyumba, apo ayi azakhali a kumapeto kwa mzere atsala pa makina. CMYK musavutike nayo pokhapokha ngati ndi makalendala kapena mapulogalamu a mwambo opita kosindikiza mabuku, ndipo pamenepo Krita kapena Scribus ndi zimene zimathandiza. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa njira ya masiku onse imafinya chithunzi. Za pa Facebook, 2048 mbali yaitali yakwana.

Chisale_Chitungwiza

Ine ndigwira za makina zokha, za mitundu akulu awiriwa amaliza.

darktable ya mu Mint 22 yochokera m'nkhokwe ya Ubuntu 24.04 ndi 4.6, pamene eni ake amatulutsa yatsopano kawiri pachaka, Juni ndi Disembala. Yatsopano ikuthandizani pa zimene mayi NaPhiri akudandaula, chifukwa kuyambira 5.0 muli masitayilo a makamera mazanamazana oyerekeza JPEG ya kamera. Njira zoipezera yatsopanoyo zilipo ziwiri, Flatpak ndi AppImage. Flatpak imadzikonza yokha, koma ulendo woyamba imakoka zinthu zolemera ma MB mazana angapo, ndiye musayese ndi bandulo ya pafoni, dikirani Wi-Fi. AppImage ndi fayilo imodzi: mwaikopera, mwadina kumanja, Properties, mwailola kuti iziyenda ngati pulogalamu, basi, ndipo mungaipatsire mnzanu pa fulashi. CR3 imatseguka kuyambira darktable 3.8. Ikakana, vuto limakhala laibulale ya exiv2 imene inamangidwa popanda mbali yowerenga mafayilo a mtundu umenewo, ndipo njira ziwiri zomwezi ndiye mankhwala ake.

Musanatsegule darktable yatsopano koperani foda ya ~/.config/darktable kwina. M'menemo muli library.db ndi data.db, ndiye kuti katalogi, masitayilo ndi ma preset anu. Yatsopano ikasintha katalogi, yakale siithanso kuiwerenga, kubwerera kulibe.

RAM ya 8 GB igwira, koma tsekani msakatuli wa intaneti pokonza. Mukapeza ndalama, yambani ndi SSD ngati mulibe, kenako RAM ifike 16 GB. Lamulo la darktable-cltest mu terminal likuuzani ngati OpenCL, njira yogwiritsa khadi la zithunzi kuti ntchito ifulumire, ikugwira, koma pa Intel ya m'kati ya m'badwo umenewo phindu lake n'lochepa, musataye tsiku. Chimene chimafoola makina otere ndi gawo la diffuse or sharpen. Lizikhala lozima mpaka nthawi yotulutsa. Kuti lighttable isamakakamire, lembani darktable-generate-cache darktable ili yotseka, muisiye ipange tizithunzi tating'ono tonse inu mukuchita zina.

Pochotsa zithunzi pa khadi ikani Rapid Photo Downloader. Imakopera makhadi awiri nthawi imodzi, imasintha mayina, ndipo imalemba malo awiri pakamodzi, pa laputopu ndi pa diski yakunja. Mayina n'ngofunika kwa inu chifukwa makamera onse awiri amatulutsa IMG_ ndi nambala, tsiku lina adzagundana. Ikani tsiku, dzina la ntchito ndi nambala. Ngati mawotchi a makamerawo akusiyana, zithunzi za kuvekana mphete zidzasakanikirana ndi za ulaliki. Konzani pa gawo la geotagging mu darktable: sankhani zonse za kamera imodzi, muike kusiyana kwa nthawiyo kamodzi.

Ndi mmene magetsi amathimira kunoku, diski yakunja ikhale yodya moto wa pa USB ya laputopu, osati yapakhoma, chifukwa magetsi akapita ili pakati polemba mafayilo amaonongeka. Kope lachiwiri pangani ndi lamulo la mu terminal la rsync -av, ndipo mawu akuti --delete musawaike mpaka mutamvetsa chimene amachita: mukasemphanitsa mafoda awiriwo amafufuta zabwino zomwe. Diski yakale ya NTFS, ya dongosolo la Windows, ikamakana kulembedwa, nthawi zambiri ndi chifukwa Windows inaisiya isanatsekedwe bwino. Ilumikizeni pa Windows, ikonzedwe ndi chkdsk, muichotse mwadongosolo. Khadi musalifufute ntchito isanakhale malo awiri. Likachita ngozi lekani kujambulirapo pomwepo, muyendetse PhotoRec ya mu phukusi la testdisk. Imabweza mafayilo ambiri, kungoti mayina amatayika.

Chinanso, foda imene mwailowetsa mu darktable musaisunthe ndi pulogalamu ya mafayilo. Katalogi imakhala ikuyang'anabe malo akale ndipo m'malo mwa zithunzi mudzaona tizigaza. Zikatero dinani kumanja pa dzina la fodayo mu collections, muiuze kumene yapita.

Mjambuli_Mufakose

Zikomo kwambiri nonse. Ndatenga AppImage, CR3 zikutseguka, ndipo njira ya aNgozo yoyambira pankhope yasintha zinthu. RawTherapee ndiyesa Lamlungu, mayi. Zatsala ziwiri. Za kumadyerero, magetsi a buluu a m'tenti akutuluka ngati utoto wothiridwa, opanda chilichonse m'kati mwake, mpaka masuti akuda asanduka buluu. Ndipo za ku Harare Gardens, maluwa a jakaranda akuoneka a buluu pamene ndi ofiirira.

aNgozo_Highfield

Ziwirizi zikufanana maonekedwe koma magwero ake ndi osiyana.

Magetsi a LED a buluu amatulutsa mtundu wopyapyala kwambiri, woti sRGB singaunyamule. Powerengera, mbali yofiira ndi yobiriwira zimagwa pansi pa ziro, n'chifukwa chake pamatsala chibuluu chosalala. Pa color calibration, tsamba loyamba, onetsetsani kuti clip negative RGB from gamut ndi yoyatsa, kenako kwezani gamut compression kuchoka pa 1 pang'onopang'ono mpaka makwinya a nsalu za tenti ayambe kuoneka. Imani pomwepo, chifukwa mukapitirira mitundu yonse imazilala, khungu lomwe. Pa sigmoid palinso mbali ya primaries, yesani preset ya smooth kapena mukweze blue attenuation nokha. Dinani ctrl+g kuti muone malo amene akadali kunja kwa sRGB.

Nkhope zimene zamenyedwa ndi kuwala kuwiri, fulashi yanu kutsogolo ndi buluu kumbali, sizingakonzeke ndi muyezo umodzi. Pangani kope lachiwiri la color calibration, mujambule mask pa anthuwo, feathering muikweze kuti malire asaoneke, mukonze khungu palokha. Tenti isiyeni ikhale ya buluu ndithu, eni ukwati analipira magetsi amenewo. Chithunzi chimene nkhope yonse ndi buluu, fulashi sinawombe, musalimbane nacho: chisandutseni chakuda ndi choyera pa tsamba la gray la gawo lomwelo, mutengere kwambiri mbali yobiriwira chifukwa ndi imene ili ndi timadontho tochepa.

Jakaranda ndi nkhani yopepuka. Yambani mwaona white balance, chifukwa pansi pa mitengo pamthunzi kuwala kumakhala kozizira ndipo kamera imakokera zonse ku buluu. Mukatenthetsa kuti nkhope zikhale bwino, maluwa amabwerera okha theka la njira. Chotsalacho tsegulani color equalizer, imene muli nayo tsopano popeza inabwera ndi 4.8. Pa tsamba la hue tolani mtundu wa duwa, musunthe kadontho kake madigiri ochepa kupita kofiirira. Thambo nalo ndi la buluu ndipo lidzafuna kutsatira, ndiye ngati likuoneka m'chithunzicho lichotseni ndi mask musanasunthe.